A Malizani Sazimitsa

Mphekesera inayambira pamjigo, ndipo pofika pageti la fakitale ya tiyi inali itanenepa kale. Ankati mayi Teleza, amene tinawaika m'manda mvula ya 2008 isanagwe, akhala pansi m'kati mwa laputopu ndipo akukana kudzuka. Ankati amuna awo, a Malizani, anawanyamula m'chikwama n'kuwatulutsa m'mudzi wa makolo awo, ulendo wa kuesiteti, osawapempha n'komwe. Ndiye mayiwo akwiya.

Musafulumire kuseka. Ife amene tinkawadziwa a Teleza tinaseka ndi mano okha, mumtima tikuti mwina n'zoona. Kukhala pansi ankakudziwa mayi amenewo. Chaka chija tinavotera zipani zambiri koyamba, kampani inapatsa a Malizani nyumba ya malata kumalayini, pafupi ndi fakitale, ya mpopi panja. Anamanga katundu, mphasa panjinga, mapoto pamutu, ulendo. Atafika pamene chimanga cha kwa Nchilamwela chimathera, tiyi n'kuyamba, a Teleza anatula dengu, anakonza chitenje bwinobwino, n'kukhala pakati pa msewu.

"Mwatopa, mayi?" anafunsa a Malizani.

"Sindinatope. Ndafika."

"Mwafika kuti, pamsewu pano?"

"Nthaka ya amayi anga yathera apa. Kwathu kuno amayenda ndi mwamuna. Inu munabwera kudzandipeza, simunabwere kudzanditenga."

Anawanyengerera mpaka dzuwa kupendeka. Thirakitala ya masamba inachita kuwalambalala. Katundu anabwerera, nyumba ya malata inapita kwa wina, ndipo kuyambira pamenepo a Malizani anakhala munthu wa njinga: m'mawa kukankha pachitunda, madzulo kutsetsereka akununkha utsi. A Teleza mpaka kumwalira kwawo sanapondeko pageti la fakitale.

A Malizani anabadwira m'tiyi. Agogo awo anachokera kutsidya, ku Mozambiki, atanyamula khasu ndi Chilomwe basi. Sukulu anangoinunkhiza. Anathawa tsiku limene aphunzitsi anabweretsa samu zogawa, akuti kwawo kunalibe choti agawe. Ntchito anayamba ndi yothyola masamba, koma manja awo anali ngati mafosholo; m'malo mwa timasamba tanthete ta kunsonga ankabwera ndi nthambi yonse. Kapitawo, pofuna kupulumutsa tiyi wa kampani, anawatumiza kokawaza nkhuni za bulugamu. Kuchoka kunkhuniko ndiye anafika pang'anjo, ndipo sanachokeponso.

Amene simunalowemo m'fakitale simudziwa kuti tiyi wakuda amene mumamwayo amauma ndi moto wa munthu. Kuseri kwa makina onse kuli ng'anjo, ndipo mpweya wake wotentha ndi umene chimphepo cha magetsi chimauzira pamasamba. Moto ukachepa, tiyi amatuluka wachinyezi, wonunkha ngati thumba lonyowa. Ukazima, masamba onse amene amayi athyola kuyambira mame ali pansi apita padera. Nyengo ya mvula, mathirakitala akamabwera motsatizana, moto suzima n'komwe. Wa shifiti iyi amaupereka m'manja mwa wa shifiti inayo monga amayi amapatsirana khanda. A Malizani anausunga moto umenewo kuyambira tsitsi lili bii mpaka kuchita mbuu. Makolo anawatcha Malizani, koma anapeza ntchito imodzi yokha pa Thyolo yonse imene simalizika.

Pakhoma, pamwamba pa swichi ya chimphepo chija, panali chikwangwani chofiira cholembedwa kuti DO NOT SWITCH OFF. Chingerezi chawo chonse chowerenga chinali chimenecho. Sankachiwerenga ngati anthu a sukulu ayi, ankangochizindikira, monga mmene umazindikirira nkhope ya mnzako m'msika wa Luchenza. Ndipo chinawalowa m'magazi. Kunyumba koloboyi ankamusiya akuyaka mpaka a Teleza kukalipa. Ndudu ya mnzawo ikamazima ankaiyang'ana ndi chisoni.

Ana awo ena anabalalika, wina ku Limbe, wina kutsidya komwe kuja. Wotsiriza, Rhoda, ndiye anagwira pensulo mpaka kukhala namwino, boma n'kumutumiza ku Chitipa, kumene basi imafika itatopa. Iyeyu ndiye anagula laputopu yakale kwa mnzake wa kuntchito. Atabwera patchuthi nyengo ya nandolo, anabwereka kamera n'kujambula amayi ake ali pakhonde, akusenda nandoloyo, akuyankhula zawo. Kanemayo anamuika m'laputopu, kamera anabweza kwa mwini wake, mwini wakeyo n'kufufutamo zonse kuti akajambulire ukwati. Palibe amene anaganizapo kanthu. A Teleza anali amphamvu ngati mtondo.

Anagwa m'munda, m'mawa wina wotentha, akukonza mizere. Uthenga unafika pageti a Malizani ali pakati pa shifiti. Anavula magolovesi, anayang'ana ng'anjo, anayang'ana khomo. Wowalandira anali asanafike. Anaponyamo zipika zina, anatuma munthu kukaitana mnzawo wa kumalayini, ndipo anadikira mpaka moto utalowa m'manja ena. Pamene njinga inkafika pamudzi, amayi anali atayamba kale kulira. Palibe amene anawadzudzula. Ngakhale akanathamanga sakanawapeza. Koma iwo nkhani imeneyi sankaikamba, ndipo ifenso, ndi pakamwa pathu poipapa, sitinaiseketsepo.

Maliro atatha, Rhoda anasiya laputopu ija m'manja mwa bambo ake.

"Adadi, mukanikiza apa, mudikire. Zikabwera zithunzi, mugogode kawiri apa. Basi. Koma izi zimadya moto, ndiye muzikatchaja kuntchito."

"Zimadya moto?" anatero a Malizani, nkhope ikumasuka koyamba. "Ndiye zafika kwa mwini wake."

Motero m'mawa laputopu inkakwera nawo chitunda m'chikwama cha Rhoda, itakulungidwa m'chitenje cha malemu. Inkadya moto pasoketi ya m'kashedi ka pafupi ndi ng'anjo, mmene ozimitsa ludzu amasungiramo makapu awo, ndipo madzulo inkatsika nawo. Asanalowe m'nyumba ankakhala pansi pa mpeyala n'kutsegula. Nkhope ya akazi awo sankaivutikira, inali m'maso mwawo. Chimene chinkawaopsa chinali mawu. Anauza mnzawo wina kuti akatseka maso amawaona a Teleza akutsegula pakamwa, koma mawu sabwera, ndipo tsiku lililonse amathawira patali. M'makinamo ndi mmene munatsala mawuwo, padziko lonse lapansi.

Ndiponso nthawi yawo pamudzipo inali ikutha. Iwo anali mkamwini. Munda ndi wa kuchikazi, nyumba ndi ya ana. Abale a malemu anali atayamba kukamba za tsiku lowasudzula, kuti amasuke, apite kumene angafune. Chimene akanatuluka nacho chinali njinga, zovala, ndi mawu aja.

Ku ofesi ya esiteti kunali a Douglas, mnyamata wa ku Ntcheu, kalaliki woyang'anira makompyuta, munthu waulemu wovala tayi ngakhale kukutentha. Tsiku lina podutsa kushedi anaona laputopu ili pashelefu, fumbi la tiyi lili mbali zonse.

"Madala, makina awa ndi anu?"

"Ndi a mwana wanga. Muli amayi ake."

A Douglas anamva nkhani yonse atagwira chibwano. Kenako anati, "Ndiye tiwateteze. Makina akale ngati awa sachedwa kulowa kachilombo."

A Malizani anaimirira, chipika chili m'manja. "Bwana, mayi a kunyumba anamwalira ndi kuthamanga kwa magazi. Kachilombo analibe."

"Pepani, pepani madala, sindikunena amayi! Ndi kachilombo ka makina. Kamadya zithunzi. Ndingowapatsa apudeti, ili ngati katemera."

Katemera a Malizani ankamudziwa, mwana wawo anali namwino. Anavomera. A Douglas anatenga laputopu ku ofesi, anailumikiza ku intaneti, ndipo Lachisanu masana anaibweza. Anati zonse zalowa, zikamalizika zokha akadzaiyatsa. Kenako anakwera minibasi ulendo wa kwawo, kuchinkhoswe cha mlongo wawo, kumudzi kumene foni imagwira ukakwera pachulu.

A Malizani sanadikire kufika pansi pa mpeyala. Anafuna angoona ngati katemera sanawapweteke amayi. Anakanikiza batani m'kashedi momwemo. Makina analira monga mwa masiku onse, galasi linawala, koma zithunzi sizinabwere. Panabwera mzere wa mawu oyera, pansi pake kanambala. Anadikira. Anakaponya nkhuni, anabwerera, kanambala kali pomwepo. Anawerama n'kuyang'anitsitsa mawu aja, ndipo pakati pa zilembo zachilendo anaona nkhope ziwiri zozidziwa. Koyambirira, Do not. Chapakati, off.

Anayang'ana chikwangwani cha pakhoma. Anayang'ananso galasi. Anaitana kalaliki wa pasikelo kuti awawerengere.

"Akuti musazimitse kompyuta yanu, madala."

"Ndikazimitsa?"

"Kaya. Mwina zimafufutika."

Basi, mlandu unathera pomwepo. Lamulo limeneli a Malizani sanafune wina woti awamasulire. Belu loweruka litalira, anapereka moto wa ng'anjo kwa mnzawo, koma njinga sanaigwire. Kumudzi kunalibe magetsi, ndipo batire la makina akale limatha usanamalize kudya chimanga chootcha. Fakitale ndiyo inali ndi jenereta. Anakoka chipika, anakhala pansi moyang'anana ndi galasi, n'kuyamba shifiti yachiwiri imene kampani sinawalembe.

Anayimbira Rhoda pafoni ya mlonda wa pageti.

"Kanemayo uli naye kwina, mwana wanga?"

Rhoda anayankha akulira, "Ayi, adadi. Ndimati ndidzamuika pachimbale ndikadzabweranso."

"Chabwino. Usalire. Moto ulipo."

"Musagwire chilichonse mpaka a Douglas abwere."

"Sindigwira. Ndikungosunga."

Ndipo anasunga. Masiku anadutsa, ndevu zinamera. Ankasamba pampopi wa kunkhuni, ankadya zimene anzawo awagawira. Kuseri kwa laputopu kukatentha ankaikweza pa timiyala kuti mphepo idutse pansi, n'kumaikupizira ndi katoni. Fumbi ankalipukuta ndi nsonga ya chitenje chija. Magetsi akathima, monga amachitira mvula ikamagunda, galasi linkachita mdima pang'ono, ndipo iwo ankaimirira osapuma mpaka jenereta itatsokomola n'kugwira. Anzawo poyamba ankawaseka. "Madala, wodwala wanu wagona bwanji?" Iwo ankangoti, "Akupuma." Patapita masiku kuseka kunatha. Wina anabweretsa bulangete. Wina, popanda womutuma, anamanga soketi ija ndi waya kuti munthu asaikhudze ndi phewa podutsa.

Ndi masiku amenewo pamene mphekesera inabadwa. Pamudzi nyumba inali yotseka, nkhuku zikugona pakhonde, mkamwini sakuoneka, tsiku lomusudzula likuyandikira. Amayi a pamjigo anaphatikiza ziwiri ndi ziwiri: makina aima kuti? Kuesiteti. Muli ndani? A Teleza. Ndani sadziwa zimene a Teleza amachita ukawadutsitsa malire? Wina atafunsa kuti nanga miyezi yonseyi ankapita nawo bwanji osakana, anamuyankha kuti masiku onsewo ankabwerera madzulo, koma ulendo uno anawagoneka ku ofesi ya azungu, m'manja mwa mnyamata wa ku Ntcheu. Yankho limeneli linatikhutiritsa ambiri.

Amene anavala nsapato n'kukwera chitunda anali a Mildred, ang'ono awo a malemu, mayi wamfupi wa mawu aatali. Mlonda anayesa kuwauza kuti m'fakitale simulowa alendo, koma anangomudutsa ngati chitsa. Anawapeza a Malizani ali pachipika chawo.

"Alamu, mwasamukira kuno? Nyumba ya malata ija mwaipeza tsopano?"

"Khalani pansi, alamu."

"Ndikhale pansi ine? Okhala pansi ndi amene muli nawo m'bokosimo. Taonani ndevuzo, ngati mbuzi ya mfumu. Anthu akutiseka kumudzi. Akuti takuthamangitsani tisanakusudzuleni."

"Sindingachoke. Ndikachotsa chingwe ichi, moto utha tisanafike pamlatho."

"Uthe! Achemwali anga akufuna kwawo. Muwanyamule, mukawaike pakhonde pawo, mupepese, muona adzuka okha."

"Akapanda kudzuka?"

A Mildred anayang'ana galasi lija, anayang'ana chitenje chimene anachizindikira, ndipo anakhala pansi ndithu, pa thumba la makala.

"Inenso sindinawamve chiwaikireni," anatero motsitsa. "Mumangomvera nokha, ngati anali anu okha."

Ali chikhalire choncho, a Douglas anatulukira, chikwama cha ulendo chikadali paphewa. Mlonda anali atawauza zonse pageti. Tayi analibe tsiku limenelo.

"Madala, chiyambire Lachisanu lija?"

"Sinazimepo, bwana. Ngakhale kamodzi."

A Douglas anavula chipewa. Anagwada pafupi ndi shelefu, anaika khutu pamakina, kenako analoza kanyale kakang'ono ka kutsogolo.

"Mukuona aka? Makina akamagwira ntchito m'kati, kamaphethira. Kaphethirapo?"

"Tsiku loyamba lokha. Kenako kanangoti duu."

"Ndiye kuti anaima tsiku lomwelo. Apudeti ija inalowa theka n'kukakamira pakhomo, siikulowa, siikutuluka. Mawu awa akuti musazimitse amanena za kanthawi kochepa, pamene ikulowa. Cholakwa ndi changa, ndinayenera kuiyatsa ndekha ndisanakupatseni."

"Ndiye titani?"

"Tizimitse."

A Malizani anayang'ana chikwangwani cha pakhoma.

"Mwawerenga bwino, bwana?" anafunsa a Malizani. "Akuti musazimitse."

"Ndawerenga. Koma njira ina palibe. Ikakhala chonchi ikhala mpaka ipse."

"Mukazimitsa, amayi atsala?"

A Douglas sananame, ndipo pa chimenecho tiwapatse ulemu. "Kawirikawiri zithunzi ndi makanema sizikhudzidwa. Koma makinawa ndi akale, ndipo atentha masiku ambiri. Sindingalumbire, madala."

"Mwamva, alamu?" anatero a Mildred, koma mopanda ukali. "Ngakhale wa sukulu sakulumbira."

A Malizani anatuluka. Anapita kung'anjo, ngakhale sinali shifiti yawo, anatsegula chitseko chachitsulo n'kuyang'ana moto nthawi yaitali. Mnzawo amene anali pantchito anawapatsa mpata osafunsa kanthu. Atabwerera anapukuta manja pamalaya.

"Batani lake ndi liti?"

"Lomwe mumayatsira. Ndikanikiza ine, madala, musavutike."

"Ayi. Ndinasunga ndine."

A Douglas anayamba achotsa tizokuzira mawu timene Rhoda analumikiza, kuti makina adzuke opanda katundu. Kenako anati, "Mukanikize, musasiye mpaka ithime."

Chala chija, chimene chinapsa ndi kuchira kosawerengeka mpaka kusowa mizere, chinatsika pabatani. Sichinachokepo. Kamphepo ka m'makina kanalira, kanalira, kenako kanaleka. Galasi linada. Mmenemo a Malizani anaona nkhope yawo yokha, ya ndevu, ndi a Mildred kumbuyo atagwira pakamwa.

A Douglas anazula chingwe, anatembenuza laputopu, anachotsa batire n'kuliika pambali kuti zonse zizizire. Mawu akuti kuzizira sanawakomere a Malizani. Patapita kanthawi a Douglas anabwezera zonse, anayatsa, n'kuyamba kugogoda batani lina la m'mwamba, lolembedwa F8, mofulumira ngati nkhuku ikutola mapira. Panabwera galasi lakuda la mizere yoyera.

"Apa tikuiuza kuti idzuke mopepuka, isanyamule zonse," anafotokoza.

Mizere inathamanga, inathamanga, n'kuima. Kenako mawu aja anabweranso, ndi kanambala kawo komwe kaja.

"Ndinanena ine," ananong'ona a Mildred. "Akana."

"Tizimitsenso, madala."

"Kawiri?"

"Mwina katatu."

A Malizani anazimitsa kachiwiri, n'kuyatsanso. A Douglas anagogodanso batani la F8 lija, koma tsopano anasankha mzere wina, wa kukonza. Anadikira, thukuta likutsika m'khosi. Panatseguka kabokosi.

"Eya. Makinawa amakumbukira mmene analili masiku a m'mbuyo. Tiwabweza ku tsiku limene apudeti inali isanalowe. Zidzakhala ngati Lachisanu lija silinachitike."

A Malizani anasendera pafupi. "Amabwerera m'mbuyo?"

"Eya."

"Mpaka pati?"

A Douglas anawayang'ana, ndipo anamva funso limene silinafunsidwe. "Pafupi pompa, madala. Sabata yathayi basi. Ndiponso amabweza za makina zokha."

"Ndimangofunsa," anatero a Malizani.

Kubwezako kunatenga nthawi. Kanyale kaja kanayamba kuphethira, ndipo a Malizani anakaona iwo oyamba, nakaloza. Thirakitala inabwera ndi masamba, inatsitsa, inapita. A Mildred anayamba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, n'kuisiya pakati. Kenako makina anathima okha. A Malizani anadzuka ndi mantha, koma a Douglas anawagwira mkono. Galasi linawalanso, kanyimbo kodzukira kanalira, ndipo chithunzi cha Rhoda atavala yunifolomu yoyera chinabwera, tizithunzi tina tili m'mbali mwake monga kale.

"Gogodani nokha," anatero a Douglas, akubwezera tizokuzira mawu tija.

Anagogoda kawiri.

Khonde linabwera, ndi lichero la nandolo. A Teleza anali atawerama, mpango utapendekeka. Anadzutsa mutu.

"Iwe Rhoda, ukundiloza ndi chiyani? Jambula abambo akowo, ndi amene ali ndi nkhope ya kampani." Kenako anatembenukira kumbali, kumene munthu sankaoneka. "Inu, musakhale pamphasa yanga ndi malaya a utsiwo. Anthu adzati ndinakwatiwa ndi chikuni." Anaseka, kuseka kwawo kuja kotsekera m'mphuno, anayankhula zina m'Chilomwe zimene zinawapangitsa a Mildred kugwira pamtima, ndipo anayamba kanyimbo kosendera nandolo. Sanakamalize. Anakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. "Basi, zimitsa chinthu chakocho. Nonse a nyumba ino simudziwa kuzimitsa. Zimitsa, moto ungathe."

Kanema anathera pomwepo.

Anthu a shifiti anali ataunjikana pakhomo la kashedi, zipewa m'manja. A Malizani anakhala pachipika chawo, manja aakulu aja ali pamaondo, misozi ikulowa m'ndevu. Sanaipukute.

A Mildred ndi amene anayamba kuyankhula, akumina m'chitenje. "Mwamva, alamu? Masiku onsewa akukuuzani, inu osamva."

"Ndamva, alamu."

"Ndiye bwerezani. Ndinali ndisanakonzeke."

Anabwereza. Tsiku lomwelo a Douglas, asanapite n'komwe kukasiya chikwama kunyumba, anaika kanemayo pazimbale ziwiri, ndipo anatseka njira imene apudeti imalowera yokha. Chimbale chimodzi a Mildred anachimanga pansonga ya chitenje, akuti chimenecho sichidzadutsa malire a chimanga. Chinacho a Malizani anachiika m'thumba la malaya. Kenako anazimitsa laputopu ndi dzanja lawo, mmene Rhoda anawaphunzitsira, anaikulunga, n'kutsika chitunda akukankha njinga, alamu awo ali patsogolo akuwakalipira za nkhuku.

Anawasudzula Loweruka lotsatira, atameta ndevu. Ana anapempha kuti bambo awo asachoke, abale anavomera, ndipo akukhalabe m'nyumba yomweyo. Pang'anjo anagwirapo mpaka masamba a chaka chimenecho atachepa, kenako anapuma. Koloboyi masiku ano amazimitsa okha, ngakhale amayamba amuyang'ana kaye.

Za pamjigo zija zinali zabodza. A Teleza anayankhula m'kashedi ka fakitale, pakati pa esiteti, ang'ono awo akumva. Sanakhale pansi m'laputopu. Inali apudeti imene inalowa theka.